Kabwalo ka Pamwamba pa Khutu la Malume

Malume anga ndi wometa. Mitu yambiri ya mumsewu wathu anayamba kuigwira ili ndi liwombo lofewa, ndipo ina akuigwirabe lero itachita dazi. Babashopu yawo ndi kachipinda kopapatiza pakati pa wosoka nsapato ndi wokonza mafoni. Muli galasi lalikulu lothimbirira m'mbali, benchi ya odikira, chithunzi chosuluka cha mametedwe osiyanasiyana, ndi mpando wachitsulo umene unasiya kalekale kukwera ndi kutsika, moti ana amawakhazika pa thabwa kuti afike pagalasi. Kasitomala akaloza mutu wina pachithunzipo, Malume amavomera mwaulemu, n'kumumeta mmene iwo akuonera kuti zimukhala.

Ine ndine mwana wa mlongo wawo. Ndalemba mayeso omaliza chaka chino, ndipo podikira zotsatira ndimangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Malume amanditcha Mtolankhani, chifukwa ndinawauzapo kuti tsiku lina dzina langa lidzatuluka m'nyuzipepala. Anati, "Lidzatuluka ndithu. Tizingopemphera kuti lisatulukire patsamba la apolisi." Sindinakhumudwe, pakuti ambiri otchuka anayamba ndi kusekedwa ndi abale awo. Koma nkhani ino ndi ya Malume, ndipo ndayesetsa kuilemba monga inachitikira.

Choyamba chofunika kudziwa za iwo ndi lumo. Mashini ometera ali nawo, koma amawagwira ngati munthu wopereka moni kwa mlamu amene sagwirizana naye. "Mashini ndi a aliyense," amatero. "Ngakhale mbuzi, mutailumikizira magetsi, ikhoza kumeta. Ntchito ndi lumo." Lumo lawo ndi lopinda, lachigwiriro chakuda chimene chinaperepeseka ndi zala, ndipo amalinola pa lamba wachikopa wokolekedwa pamsomali. Akapaka munthu thovu n'kuyamba kupala ndevu, nkhani za mpira pa benchi zimaima zokha. Lumolo limayenda pakhosi pa munthu ngati likupepesa.

Chachiwiri n'chakuti chiyambire ntchitoyi, mutu wa Malume sunagwidwepo ndi wometa wina. Amadzimeta okha mpala, galasi lalikulu kutsogolo, kagalasi kena m'dzanja lamanzere, khosi litapindika ngati la tsekwe. Amayi akawafunsa chifukwa chake, yankho limakhala lomwelo: "Achemwali, ndikhale pampando wa ndani? Ometa onse a kuno ndimawadziwa manja awo."

Amene amamudziwa manja kuposa onse ndi Wakutsidya. Ameneyu anali wophunzira wawo. Anabwera ali mnyamata, anasesa tsitsi, anachapa matawulo, anaphunzira mashini ndi sizasi, anamera ndevu, anakwatira, koma lumo sanaloledwepo kuliika pankhope ya kasitomala. Chimene ankaloledwa ndi chibaluni. Lamulo la Malume ndi lakuti wophunzira auzire chibaluni, achipake thovu, ndiye achipale ndi lumo osachiphulitsa. Wakutsidya anafika popala zibaluni akucheza ndi anthu, maso ali kwina, koma Malume ankangoti, "Chibaluni sichimeza malovu. Dikira." Tsiku lina anatopa kudikira. Anawoloka msewu n'kutsegula babashopu yake moyang'anizana ndi ya Malume, ya magetsi amitundumitundu, mipando iwiri yozungulira, ndi nyimbo zogwedeza chitseko. Kuyambira pamenepo Malume sanamutchulenso dzina. Amangoti Wakutsidya, ngati pakati pawo pali mtsinje, chikhalirecho ndi msewu woti nkhuku imawoloka osathamanga. M'mawa uliwonse Wakutsidya amakweza dzanja n'kunena kuti, "Mwadzuka, Madala?" Malume amayankhira m'galasi, ndi chibwano chokha.

Dzanja lamanja la Malume linayamba kunjenjemera pang'onopang'ono. Poyamba ankati ndi tiyi wambiri. Kenako anati ndi mashini, kuti kulira kwake kwalowa m'mafupa. Likakhala pabondo dzanjalo limakhala phee ngati losalakwa, koma akangoti atole kanthu, limayamba kuvina. Kapu ya tiyi anayamba kuithira theka. Mashini ankawagwirabe, poti mashini amanjenjemera kale ndipo sizidziwika kuti wayamba ndani. Koma makasitomala a ndevu anayamba kupeza zifukwa. Wina anati mkazi wake wayamba kukonda ndevu. Wina, mkulu wa mpingo amene ankameta kwa Malume kuyambira ali paubwenzi, anati wazindikira kuti aneneri akale sankameta. Patapita masiku tinamuona akutuluka kutsidya, chibwano chili see ngati dzira. Malume anaona, n'kupitiriza kunola lumo limene tsiku limenelo silinakhudze munthu.

Kuchipatala anawapatsa mapiritsi amene ankawaodzeretsa masana, dzanja osaleka. Ndiye dokotala wa mitsempha anawauza za kafukufuku amene ankachitika pachipatala pomwepo, wofuna anthu a manja onjenjemera. Amayi anandituma kuti ndiziwaperekeza, poti mwa mawu awo, miyendo yanga inkafunika kopita.

Chipinda cha kafukufukuyo chinali chapansi, chopanda mawindo, chozizira ngati mufiriji. Munali mpando wonga wa dokotala wa mano ndi makompyuta angapo. Anatilandira mayi wina wachitsikana, wamagalasi, wovala juzi ngakhale kunja kunkatentha. Malume atamutcha adokotala, iye anakana.

"Ine si dokotala, bambo. Dokotala ndi uja munamuona kumwamba. Ine ntchito yanga ndi kompyuta."

Basi kuyambira pamenepo anakhala mayi wa kompyuta.

Anatifotokozera bwino, ndipo ine ndinamva zonse. Ali ndi kachipangizo kozungulira, kukula kwake ngati chivindikiro cha botolo, kotulutsa phokoso loonda kwambiri loti khutu silingamve, longa limene amajambulira mwana ali m'mimba. Phokosolo amalisonkhanitsa pamalo amodzi aang'ono mkati mwa ubongo, pamene pamachokera kunjenjemerako, kuti lipagwedeze pang'ono, mwina pangakhazikike kwa kanthawi. Sang'amba, saboola. "Si mankhwala ochiza," anatero, ndipo anabwerezanso. "Tikufuna tione ngati zingathandize, ndiponso kwa nthawi yaitali bwanji."

Vuto ndi chigaza. Fupa limapotoza phokosolo monga madzi amapotozera ndodo ukaiviika, ndipo lina limalimeza n'kuyamba kutentha. Komanso chigaza cha aliyense n'chosiyana, pena chokhuthala, pena chopyapyala. Choncho asanayatse kanthu pamutu pa munthu, amaujambula mutuwo, n'kumanga wina wofanana nawo m'kompyuta. Mutu wa m'kompyutawo ndi umene amauwombera phokoso kuchokera mbali zosiyanasiyana, kufikira atapeza polowera pamene phokoso lifike pofunikapo fupa osatentha.

"Ndiye kuti mukalakwitsa, wopsa ndi wa m'kompyutayo?" anafunsa Malume.

"Ndi amene timamuvutitsa, inde."

Malume anatembenukira kwa ine. "Wamva, Mtolankhani? Nawonso amayambira pa chibaluni."

Kuyambira pamenepo anamukhulupirira mayiyo.

Atawajambula, tinabwereranso tsiku lina kukaona mutu wa m'kompyuta. Unkazungulira pang'onopang'ono pagalasi la kompyutayo, wotuwa, wopanda khungu, mano onse pamtunda. Malume anauyang'ana nthawi yaitali monga amayang'anira kasitomala watsopano.

"Kunkhongoku n'kophwatalala," anatero. "Palibe anandiuzapo."

"Tinkaopa, Malume," ndinatero ine.

Mayi wa kompyuta anationetsa mmene anayesera. Akaika kachipangizo ka m'kompyuta pamalo ena, mitundu inkatuluka: kubiriwira pamene pali bwino, kufiira pamene fupa likutentha. Pa Malume kufiira kunali ponseponse, chifukwa chigaza chawo n'chokhuthala kuposa cha anthu ambiri. Akayesa paliwombo, kufiira. Akayesa kunkhongo, phokoso linkamwazika osafika kumene likupita. Kompyuta inali itafufuza kwa masiku, ndipo inapeza malo amodzi okha: kabwalo kakang'ono pamwamba pa khutu lamanzere, chakumbuyo pang'ono, pamene fupa linapyapyala. Lamanzere chifukwa mbali yamanzere ya ubongo ndi imene imalamulira dzanja lamanja. Zimenezi ndinazinena ine mokweza, poti tinaphunzira kusukulu, ndipo mayiyo anati ndanena zoona.

"Tsiku lobwera, pakabwalo apa pakhale posalala," anatero iye, akukhudza pamutu pa Malume ndi chala. "Tsitsi limasunga mpweya, ndipo phokosoli silidutsa mumpweya. Koma musavutike, tili ndi kamashini, anesi adzakumetani pompano."

Anatsegula kabati n'kutulutsa kamashini kapulasitiki koyendera mabatire. Malume anakayang'ana monga munthu amayang'anira ntchentche mu tiyi.

"Mwananga, aliyense ndi ntchito yake. Ine kompyuta yanu sindinaigwire. Ndibwera nditameta."

M'mawa wa tsikulo ndinawapeza atavala chipewa. Malume savala chipewa. Amati wometa wovala chipewa ali ngati telala woyenda chifuwa pamtunda. Nditafunsa, anati kunja kukuzizira. Kunja kunali kutatentha kale moti agalu anali pamthunzi.

Atavula chipewacho m'chipinda chapansi chija, mutu unali mbee, wosalala ponseponse, wonunkhira sipiriti, ntchito yosiririka. Kupatula malo amodzi. Kuti lumo la m'dzanja lamanja lifike pamwamba pa khutu lamanzere, mkono umayenera kuzungulira mutu, ndipo apo ndi pamene dzanja linavinira. Panali chilonda chachitali ngati chala cha mwana, pakati penipeni pa kabwalo kaja, ngati anachita kuyeza. Anali atathirapo paudala wambiri kuti pasaoneke, monga amachitira wometa aliyense akatema kasitomala.

Mayi wa kompyuta anavula magalasi, n'kuwavalanso.

"Bambo, mutu wonsewu, munasankha pomwepa?"

"N'kakang'ono aka. Ikani pambali pake."

"Pambali pake m'pofiira."

"Ndiye ikani pomwepo. Ine kuwawa sindiopa."

Mayiyo anaitana dokotala, amene anatsika, anayang'ana, n'kupukusa mutu. Pachilonda saikapo kachipangizo, ngakhale mwini mutu atalimba mtima chotani. Malume anapempha kuti kompyuta ifufuzenso, mwina inasiya pena. Mayiyo anayesadi ife tikuona. Anasunthira kutsogolo, anasunthira kumbuyo, anapendeketsa, koma mutu wotuwa uja unkangofiira.

"Khomo ndi limodzi, bambo," anatero mofatsa. "Ndipo lero mwalitseka nokha."

Kenako anatiuza mmene zinthu zinalili. Kafukufukuyo anali pafupi kusiya kulandira anthu atsopano. Malume awapatsa tsiku lina, chilonda chikapola, koma akadzabweranso ndi chilonda, malo awo apita kwa wina amene akudikira. Ndipo tsitsi silidikira munthu. Podzafika tsikulo likhala litamera, pafunika kumetanso. "Anesi alipo," anawonjezera. Malume anavala chipewa. M'basi dzanja analibisa pakati pa mawondo, ndipo ngakhale panakwera mnyamata wometedwa mokhota, sanayankhulepo kanthu.

Amayi anali akutidikira pakhomo la babashopu. Anawavula chipewa okha.

"Achimwene, mwadzitema."

"Ndadzikanda."

"Anthu avutika kukupezerani polowera phokoso lija, inu n'kukakandapo ndi lumo. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, achimwene."

"Mu babashopu yanga mulibe nsabwe."

"Akumeteni anesi aja."

"Ndi kachidole kaja? Kamazula, sikameta. Ndiye msewu wonse umve kuti ine ndinametedwa ndi nesi?"

"Umve kuti munadzitema nokha ndiye zabwino?"

"Zimenezo n'zapantchito."

Amayi analoza ndi mlomo kutsidya kwa msewu. Malume anachita ngati pagalasi pali kadontho kofunika kupukuta.

Apa ndinaona kuti mpata wanga wafika. Ndinati, "Malume, ndikumeteni ine. Ndakhala ndikuonerera, ndipo dzanja langa ndi lokhazikika." Sanaseke. Anandituma kukagula zibaluni. Choyamba chinaphulika lumo litangochikhudza. Chachiwiri ndinachipala bwinobwino mbali imodzi, ndipo ndinali nditayamba kuganiza zimene ndidzanene anthu akamadzandiyamika, pamene thovu linathera pagalasi, padenga, ndi pa malaya a wosoka nsapato amene anabwera kudzaonerera.

"Mwanayu mumupatse cholembera basi," anatero wosoka nsapato akudzipukuta. "Chimenecho chikalakwitsa timangofufuta."

Malume anandilanda lumo mwaulemu. Ndimakhulupirirabe kuti zibalunizo zinali zopyapyala kuposa zanthawi zonse.

Masiku anapita. Chilonda chinauma n'kusanduka kamzere, tsitsi lotuwa linamera mozungulira. Madzulo ena makasitomala atatha, Malume anauzira chibaluni chotsala, anachipaka thovu bwinobwino monga amapakira munthu wolemekezeka, n'kunola lumo. Anachigwira ndi dzanja lamanzere, anapuma kwambiri, n'kuyamba. Kuphulika kwake kunamveka mpaka kutsidya. Wakutsidya, amene anali pakhomo pake, anadzutsa mutu. Phokoso limenelo amalidziwa bwino. Analowa mkati n'kutsitsa nyimbo zake, ndipo tsiku limenelo sanazikwezenso.

M'mawa wa tsiku lobwerera kuchipatala, Malume anavala malaya oyera. Anatenga lumo, burashi, sopo wawo ndi tawulo, n'kukaima m'mphepete mwa msewu. Kunalibe galimoto ngakhale njinga. Anayang'ana uku ndi uku ngati mwana wasukulu, kenako anawoloka. Wosoka nsapato anaimitsa hamala m'mwamba, misomali ili pakamwa. Wokonza mafoni anatuluka ndi foni yotsegula m'manja. Ine ndinatsatira pambuyo, poti kabwalo kaja ndinkakadziwa malire ake.

Wakutsidya anali akupukuta galasi.

"Mwadzuka, Madala?"

"Ndadzuka. Mwa mipando yakoyi, wabwino ndi uti?"

"Yonse ndi yabwino."

"Palibe zimenezo. Mpando wabwino umakhala umodzi."

Anakhala pa wapafupi ndi khomo. Mpandowo unazungulira, iwo n'kugwira m'mbali ngati ali m'bwato.

"Timete bwanji lero?" anafunsa Wakutsidya akuloza zithunzi zake, mlomo ukuvutika kubisa kumwetulira.

"Usayambe." Malume anamupatsa lumo, chigwiriro chili kutsogolo. "Langa ili. Lako sindilidziwa."

Wakutsidya analandira ndi manja awiri. Analitsegula, analiyang'ana nthawi ndithu, n'kuyesa kuthwa kwake pachala.

"Chibaluni mwabwera nacho, Madala? Mwina ndiyambe ndayesa."

"Chibaluni chake ndi chino," anatero Malume akuloza mutu wawo. "Ukachiphulitsa ukambirana ndi mlongo wanga."

Ndinamuonetsa Wakutsidya kabwalo kaja, n'kumufotokozera mwachidule za fupa ndi phokoso. Mwina sichinali chidule kwenikweni, chifukwa Malume anati thovu likuuma. Atayamba kumeta, Malume sanathe kudzigwira.

"Thovu lachepa kunkhongoku."

"Chabwino, Madala."

"Kokera khungu ndi chala chachikulu. Motsata tsitsi, osalimbana nalo."

"Madala, kasitomala salankhula lumo lili pamutu. Munandiphunzitsa ndinu."

Malume anatseka pakamwa. Patapita kanthawi anatsekanso maso, ndipo mapewa awo, amene anali atakwera mpaka m'makutu, anatsika. Pofika pamwamba pa khutu lamanzere Wakutsidya anayamba kupala pang'onopang'ono. Lumo linazungulira kamzere kaja, linabwerera, linadutsa pamwamba pake mopepuka, n'kusiya khungu lili see, lopanda ngakhale kadontho ka magazi. Atamaliza anatambasula dzanja kutenga sipiriti ndi paudala mwachizolowezi, koma Malume anamugwira mkono maso ali chitsekere.

"Madzi okha. Mayi wa kompyuta safuna paudala."

Kenako anadzipapasa mutu wonse ndi dzanja lamanzere, kufunafuna cholakwa. Anafufuza kunkhongo, kuseri kwa makutu, paliwombo. Anabwerezanso.

"Zili bwanji, Madala?"

"Nyimbo zako n'zoipa," anatero Malume, n'kudzuka.

Kuchipatala mayi wa kompyuta anapapasa kabwalo kaja ndi chala, anawalitsapo tochi, n'kugwedeza mutu.

"Apa ndiye mwameta, bambo."

"Ndinamuphunzitsa ndine," anatero Malume.

Asanayambe anawapatsa pepala kuti ajambule mzere wozungulirazungulira ngati chigoba cha nkhono. Unatuluka ngati mano a sowo. Kenako anawakhazika pampando uja, anawapaka mafuta ozizira oterera, n'kuika kachipangizo pakabwalo. Mayiyo ankayang'ana pakompyuta, akusuntha pang'onopang'ono mpaka mutu weniweni utagwirizana ndi mutu wotuwa uja, ndipo dokotala anaima pambali. Anawauza kuti asagwedezeke. Malume amauza ana zimenezi tsiku lililonse, koma kwa iwo zinaoneka zovuta, moti mphuno inayamba kuwayabwa nthawi yomweyo. Anati sankamva kanthu, kupatula kakulira kakang'ono ngati udzudzu uli m'chipinda china.

Atamaliza anawapatsanso pepala. Mzere unatuluka wozungulira. Sunali wokongola ngati wosindikiza, unali ndi timakona apa ndi apo, koma nkhono ikanauzindikira. Malume anatambasula dzanja patsogolo pawo. Kunjenjemera kunalipo, koma kwapansipansi, ngati madzi a m'beseni amene ayamba kukhazikika. Analitembenuza, analifumbata, analitambasulanso.

"Zikhala chonchi mpaka liti?"

"N'zimene tikufuna kudziwa," anatero mayi wa kompyuta. "Mwina ola, mwina kupitirira, mwina osafika. Zikabwerera mutiimbire, mutiuze nthawi yake. Lero kapumuleni."

Anawasunga kanthawi kuti aone ngati mutu sukupweteka, Malume akungoyang'ana kukhomo. Basi yobwerera inkaima paliponse, ngakhale pamene panalibe munthu. Iwo ananyamula dzanja lija patsogolo pawo ngati kapu yodzaza, ndipo kondakitala atawagunda, anamuyang'ana moti anapepesa kawiri.

Titafika, pa benchi panali ana okhaokha, opanda ngakhale nthenga pachibwano. Malume anaima pakhomo n'kuyang'ana kutsidya.

"Iwe. Tabwera kuno."

Wakutsidya anawoloka, tawulo lili paphewa. Ndevu zake zinali za masiku angapo, poti wometa amakumbukira nkhope za anzake.

"Khala apa."

"Ndili ndi kasitomala, Madala."

"Adikire. Iwe unadikira mpaka kukwatira, unafa?"

Wakutsidya anayang'ana dzanja la Malume, anayang'ana lumo, anayang'ana ine ngati ndingamuthandize. Kenako anakhala pampando wachitsulo uja n'kudzikulunga yekha tawulo m'khosi.

"Ndili ndi ana aang'ono, Madala."

"Ndimawaona. Akumetedwa moipa."

"Mukamva kuti kunjenjemera kukubwerera, muneneretu."

"Khala chete, ndipo usameze malovu."

Wosoka nsapato ndi wokonza mafoni anabwera kudzaima pakhomo. Ana pa benchi anasiya kukankhana. Malume anapaka thovu mosafulumira, anakokera khungu ndi chala chachikulu, ndipo lumo linatsika tsaya lamanja kuchokera pakhutu, kusiya njira yoyera m'thovu. Analipukuta, linatsikanso. Tsaya lonse linatha, mpaka pakona pa mlomo, mpaka pachibwano. M'chipindamo munkangomveka kulira kwa lumo podula ndevu, kwe, kwe.

Atapendeketsa mutu wa Wakutsidya kuti ayambe pakhosi, nsonga ya lumo inayamba kuphethira. Malume anaiona wina aliyense asanaione. Anaima, lumo lili m'mwamba, kudikira ngati lingaleke. Silinaleke. Analipukuta pa tawulo, analitembenuza, n'kulipereka kwa Wakutsidya.

"Maliza wekha. Galasi ilo."

Wakutsidya sanayambe msanga. Anayendetsa zala patsaya lometedwalo, kukwera ndi kutsika.

"Madala, apa ndiye..."

"Ndikudziwa."

Anamaliza yekha mbali inayo, Malume ataima kumbuyo kwake manja ali m'thumba, akumuuza kuti akuthamanga kwambiri. Kenako Malume anatembenukira kwa ine.

"Mtolankhani, imbira mayi uja. Umuuze nthawi, ndipo umuuze kuti zakwana tsaya limodzi."

"Ndiwauze kuti munagwira lumo?"

"Umuuze kuti ndinali kupumula, tsaya linabwera lokha."

Wakutsidya anapukuta nkhope, anapinda lumo, n'kuliika pamalo ake pansi pa galasi. Atafika pakhomo, Malume anamuitana.

"Sabata yamawa ndipitanso. Usamete. Tidzayambira mbali inayo."

"Nanga mutu wanu, Madala?"

"Ndibwera m'mawa wake. Ukandiona ndikuwoloka, uzimitse nyimbo."